Chidole cha m'chipinda cha azamba

Mwana akabadwa osalira, mzamba amakhala ndi mphindi imodzi yokha yoti achitepo kanthu. Amupukute msanga ndi nsalu youma, amusisite pamsana, achotse zotseka m'mphuno ndi m'kamwa ngati zilipo, ndipo ngati khandalo silikupumabe, aliveke kachipangizo kophimba mphuno ndi pakamwa n'kuyamba kulipopera mpweya. Zimenezi ndizo phata la maphunziro otchedwa Helping Babies Breathe, amene bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linakhazikitsa pamodzi ndi mabungwe ena m'chaka cha 2010 pofuna kuthandiza zipatala za m'mayiko osauka. Kumvetsa ndondomekoyi si nkhani. Munthu aliyense wodziwa kuwerenga akhoza kuiloweza tsiku limodzi. Nkhani yagona pa manja: kuti kachipangizo kaja kagwire bwino nkhope ya khanda mpweya osathawira m'mbali, kuti mutu upendekeke mwa muyezo wake, kuti zala zisanjenjemere pamene mayi akufunsa chimene chachitikira mwana wake. Ndikufuna kuti tiyambire pamenepa polingalira za kakonzedwe ka maphunziro a anthu akuluakulu pantchito, chifukwa pa ntchito imeneyi sipabisika ngati munthu waphunzira kapena sanaphunzire.

Kumpoto kwa dziko la Tanzania kuli chipatala chakumudzi cha Haydom Lutheran. M'chaka cha 2010 azamba ndi anamwino a kumeneko anachita maphunziro a tsiku limodzi a Helping Babies Breathe, ndipo ankayeserera pa chidole chooneka ngati khanda chotchedwa NeoNatalie. Mwayi wake unali wakuti m'chipinda chochiriramo amayi munali kale anthu ongoyang'anira ndi kulemba zochitika pa kubadwa kwa mwana aliyense, choncho zinali zotheka kuyerekeza zimene azamba ankachita pa chidole ndi zimene ankachita pa mwana weniweni. Patapita miyezi ingapo anawayesa pa chidole, ndipo ambiri anakhoza bwino kuposa kale. Koma m'chipinda muja kasamalidwe ka makanda obadwa osapuma sikanapite patsogolo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2013. Chipatalacho sichinataye mtima ndi maphunzirowo, koma chinasintha kachitidwe kake kuyambira mu 2011. Chidole chija chinaikidwa m'chipinda momwemo, azamba a pomwepo anasulidwa kuti aziphunzitsa anzawo, ndipo aliyense ankayeserera kwa mphindi zochepa chabe koma pafupipafupi. Lipoti la 2015 linasonyeza kuti makanda omwalira pasanathe maola 24 chibadwire anatsika kuchoka pa 11.1 kufika pa 7.2 mwa ana 1,000 aliwonse.

Mfundo zophunzitsidwa zinali zomwezo, anthu ake omwewo, chidole chomwecho. Zimene zinasintha ndi zitatu: malo ophunzirira, kuchuluka kwa maulendo obwerezera, ndi munthu wophunzitsa. Kuchokera apa ndikunena kuti wokonza maphunziro a pantchito amalakwitsa akayamba ndi funso lakuti anthuwa tiwauze zotani. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti manja a munthuyu azidzachita chiyani Lachiwiri m'mawa pamalo pake antchito, nanga adzabwereza kangati, pamaso pa yani, kufikira chitakhala chizolowezi. Mabuku, zithunzi, ndandanda ya masiku ngakhalenso bajeti ziyenera kubadwa kuchokera ku yankho la funso limeneli.

Chizolowezi chathu kuno n'chosiyana kwambiri. Bungwe likaona kuti ntchito sikuyenda bwino, limasonkhanitsa antchito ake ku hotelo ya ku Mponela, ku Salima kapena ku Mangochi kwa masiku atatu kapena asanu. Wophunzitsa amaima pafupi ndi pulojekita, ophunzira amalemba mayeso ochepa poyamba ndi pomaliza, amasaina pepala la obwera, amajambulitsa chithunzi cha gulu, n'kulandira satifiketi. Sindikunena kuti anthu okonza misonkhano yotere ndi aulesi kapena achinyengo. Ambiri amagona mochedwa kukonzekera. Vuto ndi lakuti chimene amayeza sichikhudza ntchito. Kalekale mu 1959 Donald Kirkpatrick wa ku America analongosola kuti maphunziro angathe kuyezedwa pa masitepe anayi: ngati ophunzira akondwera nawo, ngati atolapo nzeru, ngati asintha kagwiridwe kawo ka ntchito, ndiponso ngati ntchitoyo yabala zipatso zabwino kuposa kale. Masitepe awiri oyambawo amayezeka m'chipinda cha hotelo dzuwa lisanalowe. Awiri otsalawo amafuna kuti munthu apite kumalo antchito patapita miyezi, akakhale pansi, akaone. N'chifukwa chake malipoti ambiri amathera pa sitepe yachiwiri. Maphunziro oyamba aja a ku Haydom akanayezedwa motero akanalembedwa kuti apambana, pamene makanda ankamwalirabe monga kale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo lipoti lodzaza ndi chiwerengero cha ophunzitsidwa likhoza kukhala mkuyu wotero.

N'chifukwa chiyani nzeru zotoledwa m'kalasi zimakanika kufika kuntchito? Mbali ina ndi kuiwala basi. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimayamba kutayika mofulumira m'maola ndi masiku oyambirira, ndiponso kuti kubwereza kotalikirana masiku kumasunga zambiri kuposa kuunjika zonse nthawi imodzi. Iye ankayesa ndi timawu topanda tanthauzo, ndiye tisakokere zotsatira zake patali kwambiri, komabe aliyense amene anayesapo kuphunzira kuyendetsa galimoto kapena kusoka pa makina akudziwa kuti masiku asanu otsatizana kenako miyezi isanu osakhudza chiwongolero sikumupanga munthu dalaivala. Mbali yaikulu, m'kuona kwanga, ndi yakuti munthu wamkulu safika pa maphunziro ali wopanda kanthu. Mzamba wa zaka 15 pantchito ali kale ndi njira yake yogwirira khanda, ndipo njira imeneyo inalowa m'manja mwake pobwereza kambirimbiri. Zinthu zikafika pothina, mtima ukugunda, manja amathamangira ku njira yakaleyo ngakhale mutu utavomereza yatsopano. Chizolowezi chimachotsedwa ndi chizolowezi chinzake, ndipo chinzakecho chimamangidwa pamalo pomwe chakalecho chimagwirira ntchito, pa bedi lomwelo, ndi zipangizo zomwezo, pakati pa phokoso lomwelo.

Palinso nkhani ya ulemu, imene okonza maphunziro ambiri amaidumpha. Malcolm Knowles, amene buku lake la 1970 linatchukitsa maganizo akuti wamkulu amaphunzira mosiyana ndi mwana, anatsindika kuti wamkulu amafuna kudziwa chifukwa chake akuphunzira chinthu, amabwera ndi zimene anakumana nazo kale, ndipo amakopeka ndi vuto limene lili pamaso pake lero. Zonsezi n'zoona, koma ine ndiwonjezerepo chimene aphunzitsi a sukulu za kwacha amachidziwa bwino: wamkulu amaopa kuchita manyazi. Timanena kuti safunsa anadya phula, koma bambo wa imvi amene wakhala pakati pa anthu makumi anayi, bwana wake ali kutsogolo, achinyamata amene iye anawalandira pantchito ali pambali pake, sangakweze dzanja kunena kuti sanamve. Adzagwedeza mutu, adzalemba m'kope, adzapita kwawo ndi phula lake. Munthu yemweyo mukamuika ndi mnzake mmodzi pakona ya chipinda kwa mphindi zisanu, amalakwitsa momasuka, amafunsa, amabwerezanso. Maphunziro afupiafupi a pamalo antchito amateteza ulemu wa wophunzira, ndipo munthu amene ulemu wake uli wotetezeka ndiye amalola kuwongoleredwa.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1940 dziko la America linayamba kukonzekera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo mafakitale ake anafunika kupanga zombo, ndege ndi zida zambiri pamene amisiri odziwa ntchito ankapita kunkhondo. Malo awo anatengedwa ndi anthu amene anali asanagwirepo makina, ambiri mwa iwo amayi. Boma linakhazikitsa nthambi yotchedwa Training Within Industry, yotsogozedwa ndi Channing Dooley ndi Walter Dietz, ndipo nthambiyi sinatumize antchito atsopanowo kusukulu. Inaphunzitsa akapitawo awo mmene angaphunzitsire. Phunziro lake lalikulu, Job Instruction, linkatenga maola khumi okha, ogawidwa m'zigawo zisanu za maola awiriawiri, kwa akapitawo pafupifupi khumi nthawi imodzi, ndipo aliyense ankatuluka ndi kakhadi kokwana m'thumba la malaya. Pa kakhadiko panali masitepe anayi ochokera ku njira imene Charles Allen anagwiritsa ntchito pophunzitsa okhoma zombo pa nkhondo yoyamba: mukonzekeretseni wophunzira, muonetseni ntchitoyo, mulekeni ayese yekha akufotokoza zimene akuchita, kenako muzimuyendera kufikira atakhazikika. Pofika 1945 masatifiketi opitirira 1.7 miliyoni anali ataperekedwa m'mafakitale opitirira 16,000. Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri ndi cha onola magalasi a zida zoonera patali. Anthu ankakhulupirira kuti luso limeneli limatenga zaka zisanu, koma ntchitoyo itagawidwa m'tizigawo n'kuphunzitsidwa mwadongosolo, munthu ankayamba kuigwira m'miyezi yochepa. Nkhondo itatha nthambiyi inatsekedwa, koma njira zake zinafika ku Japan, ndipo kampani ya Toyota inazitenga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 n'kuzisunga.

Chimene chimandigwira mtima pa Job Instruction ndi mmene phunziro loyamba linkayambira. Wophunzitsa ankatenga chingwe cha magetsi n'kufotokoza ndi pakamwa pokha mmene amamangira mfundo ina yake yoteteza mawaya kuti asazuke, manja ake ali kumbuyo kapena m'thumba. Akapempha kapitawo mmodzi kuti amange, ankalephera. Kenako ankamanga mfundoyo pamaso pa wina osanena kanthu. Nayenso ankalephera, nthawi zambiri chifukwa ankaiona chozondoka, atayang'anizana ndi wophunzitsayo. Pomaliza ankamuimika wophunzira pambali pake, kumuonetsa pang'onopang'ono, kutchula pogona luso, kumupatsa chingwe kuti amange kangapo akunena yekha zimene akuchita. Apo mfundo inkamangika. M'mphindi zochepa akapitawo ankadzionera okha kuti kuuza pakokha sikukwanira, kuonetsa pakokhanso sikukwanira. Ndipo chiphunzitso chimene ankabwerera nacho kuntchito chinali cholemera: wantchito akapanda kudziwa ntchito, mlandu uli pa womuphunzitsa. Maganizo amenewa akanalowa m'maofesi ndi m'mafakitale athu, mawu akuti anthuwa tinawaphunzitsa kale koma samva akanachepa.

Pa nkhani ya zipangizo zophunzitsira, njira ya akapitawo aja ili ndi phunziro lomveka. Asanaphunzitse, kapitawo ankakhala pansi ndi pepala limodzi n'kuiphwanya ntchitoyo: masitepe akuluakulu mbali ina, pogona luso mbali ina, ndipo pambuyo pake panawonjezeredwa mbali yolembapo zifukwa zake. Pogona luso ndi tinthu tija mmisiri amachita osadziwa n'komwe kuti akuchita: kapendekedwe ka dzanja, kamvekedwe ka makina pamene lamba wayamba kulefuka, malo pamene chala chingapwetekere. Timeneti sitipezeka m'mabuku olembedwa kulikulu, chifukwa wolembayo sanaimepo pa makinawo. Timapezeka poima pambali pa mmisiri, kumuyang'ana, ndi kumufunsa kuti bwanji pamenepa mwatembenuza chonchi. Wokonza maphunziro wabwino amathera nthawi yake yambiri akuyang'ana ndi kufunsa, ndipo chimene amatuluka nacho chimakhala chachifupi. Chikalata chachikulu cha Helping Babies Breathe ndi pepala limodzi la zithunzi lopachika pakhoma, logawidwa m'mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira, loti mzamba angathe kuliponyera diso manja ali pa mwana. Yerekezani ndi chibuku cha masamba 200 chimene chimagawidwa tsiku lomaliza la msonkhano, chimene chimakagona m'kabati. Ndiponso chilankhulo chake chikhale chimene anthu amagwirira ntchito. Ngati pa sikelo ya fodya, m'khitchini ya chipatala kapena pa malo omanga nyumba anthu amalangizana m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, pepala la Chingerezi limamupatsa wophunzira ntchito ziwiri, kumasulira ndi kuphunzira, ndipo yoyambayo imadya mphamvu za yachiwiri.

Wina anganene kuti maphunziro otere amapanga anthu ongotsatira masitepe ngati makina, osadziwa chifukwa chake, oti zinthu zikasintha pang'ono amasowa pogwira. Dandaulo limeneli lili ndi mutu. Pali nzeru zina zimene sizingaphunziridwe m'mphindi zisanu pakona: mmene mapapo a khanda amatsegukira, mmene magetsi amayendera m'waya, malamulo a kasungidwe ka ndalama za boma. Zimenezi zimafuna kalasi, buku ndi nthawi yoganiza, ndipo sukulu za anamwino ndi za ntchito zamanja zilipo pa chifukwa chimenechi. Ngakhale ku Haydom kuyeserera kwa pafupipafupi kunamangidwa pamwamba pa maphunziro a tsiku limodzi aja. Popanda iwo anthu sakanadziwa choti ayeserere. Sindikuti kalasi ithe. Ndikuti kalasi ndi chiyambi chabe, ndipo kulakwa kwathu n'kuthera ndalama zonse pa chiyambicho. Komanso njira ya masitepe anayi, ikatsatidwa bwino, siphunzitsa mwachimbulimbuli, chifukwa wophunzira saloledwa kuchoka asananene ndi pakamwa pake chifukwa cha sitepe iliyonse. Munthu amene manja ake akhazikika ndiye amakhala ndi mpata m'mutu woona zachilendo. Amene akulimbana ndi kagwiridwe ka chipangizo saona n'komwe kuti khungu la mwana lasintha mtundu.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti kapitawo kapena mkulu wa wodi alibe nthawi, ndipo mwinanso ndiye mwini wa zizolowezi zoipazo. M'chipatala mmene namwino mmodzi akusamalira odwala makumi angapo, ndani angaime kuti aziyeserera pa chidole? Ndipo ngati kapitawo amagwira makina mosasamala, kodi sadzangofalitsa kusasamalako? Zonse ziwiri n'zoona, ndipo yankho lake ndi limodzi: kapitawo ndiye woyamba kuphunzitsidwa, ndipo kuphunzitsa kulembedwe kuti ndi mbali ya ntchito yake, kukhale ndi nthawi yake pa ndandanda. Tisaiwalenso kuti msonkhano wa sabata yathunthu nawo umadya nthawi, ndipo umaidya moipa, chifukwa umachotsa munthu pantchito masiku asanu n'kusiya anzake akuvutika, pamene mphindi khumi pa sabata kwa chaka chonse sizikwana n'komwe maola khumi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndivomereze kuti umboni wa ku Haydom ndi wa chipatala chimodzi, woyerekeza nyengo ya kale ndi ya pambuyo pake, ndipo m'nyengo ziwiri zotere zinthu zinanso zimatha kusintha. Koma ukugwirizana ndi zimene mafakitale a ku America ndi a ku Japan anaona pa ntchito zosiyana kotheratu, ndiponso ndi zimene mmisiri aliyense wa matabwa amene anaphunzira pansi pa mtengo wa mango akudziwa za mmene dzanja limaphunzirira kugwira ntchito.

Dandaulo lachitatu ndi limene anthu sakonda kulitchula pagulu, koma ndilo lolemera kuposa onse: alawansi. Kwa wantchito wa malipiro ochepa, masiku asanu ku Salima ndiwo fizi ya mwana, ndiwo matumba a feteleza, ndiwo malata a nyumba. Munthu amene akunena kuti maphunziro abwerere kumalo antchito akunena, kaya akufuna kaya sakufuna, kuti ndalama imeneyi ichoke m'thumba la mlangizi wa zaumoyo kapena la kalaliki wa kuboma. Sindikuona chifukwa chonyozera munthu wosauka amene akuthamangira msonkhano. Iye akuchita zanzeru molingana ndi mmene zinthu zinaikidwira. Cholakwika n'chakuti tinalola maphunziro kuti asenze katundu wa malipiro, ndipo zinthu ziwirizi zikamangidwa pamodzi zonse zimawonongeka. Wosankhidwa kupita amakhala amene nthawi yake yolandira yakwana kapena amene ali pafupi ndi bwana, m'malo mwa amene ntchito yake ikufuna luso limenelo. Ndipo malipiro enieni sakambidwa chifukwa alawansi ikutseka bowo. Aliyense wofuna kusintha kachitidwe ka maphunziro ayenera kunena poyera kumene ndalama ya hotelo, ya mafuta ndi ya alawansi ipite, ndipo gawo lake looneka lipite kwa antchito omwewo: kwa kapitawo amene wasenza ntchito yophunzitsa, ndi kwa wantchito amene wasonyeza luso latsopano. Kupanda kutero, kusinthako kudzakanidwa, ndipo okanawo adzakhala ndi chifukwa chomveka.

Ndalama zoyambira zilipo kale pena. Kuyambira pamene bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, olemba ntchito m'Malawi amapereka msonkho wothandizira maphunziro a luso, umene masiku ano ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo mabungwe othandiza amathira ndalama zambiri pa maphunziro chaka ndi chaka. Chosowa ndi kusintha chimene chimawerengedwa. Malinga ngati wopereka ndalama akufunsa kuti mwaphunzitsa anthu angati, wokonza maphunziro adzadzaza chipinda, chifukwa limenelo ndilo yankho lotsika mtengo. Funso likasintha n'kukhala lakuti mwa anthu amene munawaphunzitsa, ndi angati amene anaonedwa akugwira ntchitoyo molondola patapita miyezi isanu ndi umodzi, bajeti yonse imatembenuka yokha: pamafunika njinga yamoto ya woyendera, chidole chachiwiri choti chikhale kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, pepala lokutidwa ndi pulasitiki kuti lisanyowe pakhoma. Satifiketi nayo ingasinthe tanthauzo. Antchito amaifuna, ndipo ali ndi chifukwa, pakuti ndiyo imene amaonetsa pofunsira ntchito ina kapena pokwezedwa. Isachotsedwe, koma iziperekedwa mochedwerapo, wina atabwera kumalo antchito, kuima pambali pa mzambayo kapena wowotcherera zitsuloyo, kumuona akugwira ntchito yeniyeni kangapo, n'kusaina dzina lake pansi pa zimene waona ndi maso ake.